Wodwala, gadiyani ndi dokotala: akudziwa ndani?

Ndinakhalapo gadiyani wa mayi anga kwa masabata awiri m'chipatala china cha boma. Amene anaigwirapo ntchitoyi akuudziwa moyo wake: kugona pa chitenje pansi pa bedi, kulawirira kukaphika phala kukhitchini ya magadiyani, kutulutsidwa m'wodi madokotala akayamba kuyendera odwala. M'mawa wa tsiku la 9 ndinaona kuti mayi sali ngati dzulo. Ndinadikirira dokotala wachinyamata pakhomo n'kumuuza kuti, "Adokotala, mayi anga lero sali bwino." Anabwera, anayang'ana pakhadi. BP inali bwino, thupi silinkatentha. Anawafunsa kuti, "Amayi, mukupeza bwanji?" Mayi anayankha mwaulemu wa kwathu uja, "Ndiliko pang'ono, bambo." Ndiye anatembenukira kwa ine. "Chavuta n'chiyani kwenikweni?" Ndinasowa choyankha. Anapita pabedi lotsatira, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa odwala ena anali atagona pansi pomwe.

Pabedi paja tinalipo atatu. Mayi ankalimva thupilo mkati. Ine ndinali nditaliyang'anira usana ndi usiku kwa masiku 9. Dokotala anali ndi zaka za maphunziro ndi zipangizo zopimira. Ndani mwa ife ankadziwa m'mene mayi analili? Funso limeneli linandikhala pamtima mpaka linandifikitsa ku mabuku a filosofi. Kumeneko ndinapeza kuti pali nthambi yathunthu yofufuza za kudziwa, yotchedwa epistemology, ndi kuti mkati mwake muli mkangano wakale wonena ngati malo amene munthu waima amamupatsa mwayi woona zimene ena sangaone. Ndine wongoyamba kumene m'zimenezi, ndipo ndikulembera anzanga ongoyamba.

Chichewa chathu chinasiyanitsa kale zinthu zina zimene afilosofi amalimbana nazo. Munthu akati "ndikudziwa kuti basi yanyamuka," wadzimangirira, ndipo tikaipeza ili chiimire padepoti tidzamufunsa. Akati "ndikuganiza kuti yanyamuka," wadzisiyira potulukira. Akati "akuti yanyamuka," mlandu waukankhira kwa amene anamuuza. Koma taonani mneni wakuti kumva. Timamva ululu, timamva fungo, timamva Chitumbuka, timamvanso mphekesera. Chinthu chimene munthu sangachikayikire ngakhale pang'ono ndi chinthu chimene wangotola pachigayo zonse zili pansi pa liwu limodzi. Ntchito yaikulu ya nthambi imeneyi ndi kupatula kumva kwina ndi kumva kunzake.

Kuyambira nthawi ya Plato, wafilosofi wa ku Athens m'dziko la Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anthu akhala akufunsa chimene chimasiyanitsa kudziwa ndi kungolasa mwamwayi. Yankho limene linazika mizu lili ngati mafuwa atatu. Kuti tinene kuti mukudziwa kanthu, muyenera kukakhulupirira, kayenera kukhala koona, ndipo mukhale ndi chifukwa chomveka chokakhulupirira. Kuchotsapo fuwa limodzi, mphika ugwa. Koma mu 1948 Bertrand Russell, wafilosofi wa ku Britain, anapereka chitsanzo cha wotchi yoima. Wotchi yapakhoma inafa dzulo 2 koloko, inu simukudziwa. Lero mwaiyang'ana nthawi ili 2 koloko yeniyeni. Mwakhulupirira kuti ndi 2 koloko, ndi zoonadi, ndipo chifukwa muli nacho, poti wotchiyo sinakunamizenipo. Mafuwa onse alipo, komabe palibe anganene kuti mwadziwa nthawi. Mwangochita mwayi. Mu 1963 Edmund Gettier wa ku America analemba nkhani ya masamba atatu okha yokhala ndi zitsanzo za mtundu umenewu, ndipo mpaka lero afilosofi sanagwirizane za fuwa lachinayi.

Zimenezi zinandikoma, koma sizinayankhe funso langa la m'wodi. M'mabuku ambiri a nkhaniyi, wodziwayo amangolembedwa ndi chilembo S. Alibe nkhope, alibe njala, si mkazi si mwamuna, sanatulutsidwepo m'chipinda chimene akukambiramo za moyo wa mayi ake. Thomas Nagel, wafilosofi wa ku America, mu 1986 analemba za chilakolako chimenechi, chofuna kuona dziko ngati kuti woonayo sanaime pena paliponse. Sayansi imachifunadi, ndipo pazifukwa zabwino: madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere kaya wopima ndi ndani. Funso ndi lakuti kodi zonse zoyenera kudziwidwa zimaoneka kuchokera pamalo opanda mwini amenewo.

Pokamba za zimene munthu amaona chifukwa cha pamene waima, afilosofi olemba m'Chingerezi amagwiritsa ntchito mawu akuti privileged access ndi epistemic privilege. Ine ndizingoti mwayi wa poima. Uli m'mitundu iwiri, ndipo kuisakaniza ndi kumene kumasokoneza ongoyamba ambiri.

Mtundu woyamba ndi wa mayi anga: mwayi umene aliyense ali nawo pa za mumtima ndi m'thupi mwake. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. René Descartes wa ku France anamanga filosofi yake yonse pamenepa. M'buku lake la mu 1641 akudzionetsa atakhala pafupi ndi moto, pepala lili m'manja, n'kuyamba kukayikira chilichonse. Maso amanyenga. Mwina akulota. Mwina pali chiwanda chochenjera chimene chikumupusitsa ngakhale pa masamu. Chimene chinatsala n'chakuti iye wokayikirayo alipo, ndipo zimene zikuoneka m'maganizo mwake zikuonekadi kwa iye. Mungalakwitse za dziko lakunja, koma mukamva mutu kupweteka palibe angakuuzeni kuti simukumva. Nagel yemwe uja mu 1974 anagwiritsa ntchito mleme pofotokoza mbali ina ya nkhaniyi. Tingaphunzire zonse za m'mene mleme umapezera njira mumdima pomvetsera kubwerera kwa kulira kwake, koma m'mene zimamvekera kukhala mleme sitingazidziwe tili kunja.

Mwayi umenewu uli ndi malire ake, ndipo ndinadabwa kuona kuti ali pafupi chotere. Mu 1977 akatswiri awiri a za maganizo a ku yunivesite ya Michigan, Richard Nisbett ndi Timothy Wilson, anafotokoza zimene anachita m'sitolo ina. Anayala mapeya 4 a masokosi aatali a akazi n'kupempha ogula kuti asankhe abwino kwambiri. Masokosiwo anali ofanana ndendende. Anthu anasankha a kumapeto kwa dzanja lamanja pafupifupi kanayi kuposa a kumapeto kwa dzanja lamanzere. Atafunsidwa chifukwa, anatchula ulusi, kusalala ndi kulimba, ndipo atawafunsa ngati malo amene masokosiwo anaikidwa anawakopa, pafupifupi onse anakana. Sankanama ayi. Ankanena zimene ankakhulupirira za iwo eni, koma zinali zolakwika. Choncho munthu amadziwa bwino zimene akumva, koma chifukwa chimene akumvera choncho nthawi zambiri amachita kungoganizira ngati wina aliyense. Tonse tinaonapo munthu wolumbira kuti akudwala malungo, kukayezetsa magazi n'kupezeka kuti alibe. Kuphwanya kwa thupi kunali koona. Dzina la matendawo ndiye linali longopeka.

Mtundu wachiwiri ndi umene umautsa mapiri pachigwa, chifukwa umakhudza malo a munthu pakati pa anthu anzake. Mizu yake ili m'zimene Hegel wa ku Germany analemba mu 1807 zokhudza mbuye ndi kapolo, zimene Karl Marx ndi omutsatira anazitengera kwa eni mafakitale ndi antchito awo. Mu 1903 W. E. B. Du Bois, katswiri wakuda wa ku America, anafotokoza kuti munthu wakuda m'dzikolo amakakamizika kudziona kawiri, ndi maso ake komanso ndi maso a mzungu womunyoza. Kenako m'zaka za m'ma 1980 akatswiri achikazi monga Nancy Hartsock, Sandra Harding ndi Patricia Hill Collins anaikonza mfundoyi kukhala chiphunzitso chimene chimatchedwa standpoint theory.

Collins mu 1986 anatenga chitsanzo cha amayi akuda amene ankagwira ntchito m'nyumba za azungu ku America. Anali mkati mwa banja koma sanali a banjalo. Sitifunika kuwoloka nyanja kuti timve zimene ankatanthauza. Mtsikana wantchito m'nyumba ya bwana m'tauni amadziwa kuti lero bwana wadzuka ndi mkwiyo pongomva m'mene watsekera chitseko cha bafa. Amadziwa pamene ndalama zavuta, poona kuti nyama yasanduka soya. Amadziwa amene amalankhula mokoma pamaso pa alendo n'kusintha alendo akapita. Bwanayo mwina sadziwa ngakhale mudzi umene mtsikanayo akuchokera. Sikuti mtsikanayo ndi wanzeru kuposa bwana. Kusiyana kwake n'kwakuti iye akapanda kumuwerenga bwino bwana, ntchito itha, pamene bwana akapanda kumudziwa wantchito, sataya kanthu. Wapansi amakakamizika kudziwa maiko awiri, lake ndi la wapamwamba, pamene wapamwamba lake lokha limamukwanira. Ndiye pali kutembenuka kodabwitsa: amene ali ndi mwayi wa chuma ndi ulemu angakhale osauka pa kudziwa m'mene zinthu zikuyenderadi pansi pa denga lawo lomwe.

Nkhani imene inandithandiza kwambiri kumvetsa mphamvu ndi malire a mfundoyi inachitika mumzinda wa Vienna ku Austria. M'zaka za m'ma 1840 chipatala chachikulu cha mumzindawo chinali ndi mawodi awiri a amayi oyembekezera. M'wodi yoyamba munkaphunzira madokotala, m'yachiwiri munkaphunzira azamba. Amayi ankalandiridwa mosinthanasinthana malinga ndi tsiku limene afika. Pakati pa 1841 ndi 1846, m'wodi ya madokotala munkamwalira amayi pafupifupi 10 pa 100 alionse, ambiri ndi matenda otentha thupi amene ankawagwira akangochira. M'wodi ya azamba ankamwalira pafupifupi 4 pa 100. Amayi osauka a mumzindawo, amene ndiwo ankachirira kumeneko, ankadziwa kuti wodi yoyamba ndi yoopsa. Ankauzana. Ena ankagwada kupempha kuti asawapititse kumeneko, ndipo ena ankalolera kuchirira panjira n'kufika kuchipatala khanda lili m'manja. Madokotala akuluakulu anali ndi mafotokozedwe awo, monga mpweya woipa ndi mantha a amayiwo.

Dokotala wachinyamata wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anayamba ntchito m'wodi yoyambayo mu 1846 ndipo nkhaniyi inamusowetsa mtendere. Anayesa zifukwa zosiyanasiyana, mpaka anasintha kagonedwe ka amayi pochira, koma imfa sizinachepe. Mu 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa chala ndi kampeni akupima mtembo, n'kumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Apa ndi pamene Semmelweis anagwira mfundo. Madokotala ndi ophunzira awo ankachoka kokapima mitembo n'kupita kukagwira amayi, pamene azamba sankapima mitembo. Mu May chaka chomwecho analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. Mu April imfa zinali zitafika 18 pa 100, koma pofika July zinatsika kufika pafupifupi 1 pa 100.

Ndimabwerera kawirikawiri ku nkhaniyi chifukwa mbali zonse ziwiri zilimo. Amayi aja ankadziwa chinthu choona chimene anthu ophunzira ankachipeputsa, ndipo ankachidziwa chifukwa matupi amene ankapita kumanda anali awo ndi a anzawo. Koma chimene chinkawapha sankachidziwa, ndipo kuchokera pamene anaima sakanachiona, poti m'chipinda chopimira mitembo sankalowamo. Panafunika munthu woima pena, wokhala ndi mabuku a chiwerengero cha imfa komanso wodziwa kumene manja a madokotala ankachokera m'mawa uliwonse. Iyenso anali ndi mwayi wa poima. Ndipo naye anakumana ndi khoma lomwelo: madokotala ambiri a nthawi yake sanamumvere, ndipo anamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala, chiphunzitso cha tizilombo toyambitsa matenda chisanavomerezedwe ponseponse.

Kusamvedwa kumeneku kuli ndi dzina m'filosofi. Mu 2007 Miranda Fricker wa ku Britain anafotokoza kuti munthu angalakwiridwe monga wodziwa, ndipo anatchula njira ziwiri. Yoyamba ndi pamene mawu ako apeputsidwa chifukwa cha tsankho la womvera: ndiwe mkazi, ndiwe wakumudzi, Chingerezi chako n'chothyoka. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Virginia wa mu 2016 anapeza kuti mwa ophunzira udokotala ndi madokotala achinyamata achizungu 222, pafupifupi theka ankakhulupirira bodza limodzi kapena angapo onena za matupi a anthu akuda, monga lakuti khungu lawo n'lochindikala, ndipo okhulupirira zimenezi ankauona ululu wa wodwala wakuda ngati wochepa. Njira yachiwiri ndi yobisika kwambiri: pamene chikukuchitikira chilibe dzina, ndiye ulephera kuchifotokoza ngakhale kwa iwe mwini. Fricker anatenga nkhani ya Carmita Wood, amene anasiya ntchito pa yunivesite ya Cornell chifukwa cha mkulu wina amene ankamuvutitsa ndi zachisembwere. Popempha thandizo la boma la anthu osowa ntchito, pafomu panali funso la chifukwa chosiyira ntchito. Anasowa mawu, n'kungolemba kuti zifukwa zake zaumwini, ndipo anamukaniza thandizolo. Mu 1975 amayi a ku Ithaca, tauni imene kuli yunivesiteyo ku America, atakhala pamodzi kumva nkhani yake, anapeza kuti ambiri anali ndi nkhani yofanana, ndipo pamenepo ndi pamene mawu akuti sexual harassment anayamba kufala. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Tsono otsutsa alipo, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Amafunsa kuti ngati woponderezedwa amaona bwino, nanga oponderezedwa awiri akasemphana maganizo, wolondola ndani? Amayi awiri a m'mudzi umodzi angasiyane kotheratu pa nkhani ya chinamwali, onse atadutsamo. Amafunsanso kuti kuponderezedwa kumene akuti kumatsekula maso, kodi sikumananso munthu sukulu, mabuku ndi nthawi yoganiza? Ndipo choopsa kwambiri: mfundoyi ikagwiritsidwa ntchito mwaulesi imasanduka chotsekera pakamwa. "Sunadutsemo, khala chete." Zikafika apo, palibenso kukambirana, aliyense watsala ndi choonadi chake.

Hartsock ndi Harding sananene kuti kubadwira m'gulu linalake kumapatsa munthu choonadi chaulere. Anati poima pamenepa ndi chinthu chochita kugwirira ntchito, anthu akakhala pamodzi kuyerekeza zimene aona ndi kuziyesa, monga anachitira amayi a ku Ithaca. Harding anaonjezera kuti kuyambira kafukufuku pa moyo wa anthu okankhidwira kumbali kumalimbitsa sayansi, chifukwa kumavumbula zinthu zimene ofufuza onse ankangoziyesa zachidziwikire poti onse anakulira mofanana. Ine ndikuona kuti yankho limeneli ndi lolimba, koma limachepetsa zimene chiphunzitsochi chingalonjeze. Poima pamakupatsa umboni umene ena alibe ndi mafunso amene ena sangawaganize. Sipakupatsa chigamulo.

Pali chenjezo lina limene linandigwira mtima chifukwa ndinaliona ndi maso. Mu 2020 Olúfẹ́mi O. Táíwò, wophunzitsa filosofi pa yunivesite ya Georgetown, analemba kuti chizolowezi chongopereka mpata wolankhula kwa "wokhudzidwa" amene ali m'chipindamo chimaiwala kufunsa kuti analowamo bwanji. Amene wafika pamsonkhano wa kuhotela kudzalankhulira anthu akumudzi nthawi zambiri ndi uja anapita kusukulu, wodziwa Chingerezi, wokhala ndi foni yolandirira uthenga woitanidwa. Zimene akunena zingakhale zoona, koma mayi amene anatsala kudimba sanalowe, ndipo kuombera m'manja womuimirayo sikusintha zimenezo.

Kwathu kuno mwayi wa poima timaupereka kwambiri kwa akuluakulu. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pali chifukwa: amene waona njala zingapo amazindikira zizindikiro zimene mwana sangazione. Koma makolo omwewo anatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anadziwa kuti kukhalitsa pamalo kumaphimbanso maso, ndi kuti wobwera amaona chimene eni mudzi anasiya kuchiona. Miyambi iwiriyi sikutsutsana. Uliwonse ukunena za zinthu zosiyana zimene zimaoneka kuchokera pamalo osiyana, ndipo luso lili pozindikira kuti funso limene lili patsogolo pathu likufuna maso ati.

Ku England nkhani ya gadiyani ndi dokotala inafika posintha kayendetsedwe ka zipatala. Mu 2021 mtsikana wa zaka 13, Martha Mills, anamwalira m'chipatala ku London magazi ake atalowa tizilombo, makolo ake atanena kangapo kuti akuona mwana akuipiraipira. Wofufuza za imfayo anagamula kuti n'kutheka kwambiri kuti akanapulumuka akanamusamutsira msanga ku chipinda cha odwala mwakayakaya. Kuyambira mu 2024 zipatala za boma kumeneko zinayamba kutsatira ndondomeko yotchedwa Martha's Rule, yopatsa wodwala kapena abale ake ufulu woitana gulu lina la madokotala kuti lidzamuonenso mwamsanga. Ndondomekoyi sinena kuti mbale ndi wolondola. Imangovomereza kuti amene wakhala pambali pa bedi waona kanthu koyenera kupimidwa.

Kwa ife zinatha motere. Madzulo a tsiku lomwe lija kunabwera namwino wachikulire. Nditamuuza mawu omwe aja, sanandifunse kuti chavuta n'chiyani. Anati, "Achemwali, chasintha n'chiyani kuyambira dzulo?" Funso limenelo ndinali nalo yankho. Ndinati phala la m'mawa analisiya, chiyambire dzulo masana sindinawaperekeze kuchimbudzi, ndipo kawiri konse anandiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Zonsezi ndinali nditaziona m'mawa muja, koma sindinkadziwa kuti ndi zinthu zouza dokotala. Namwinoyo anatsina khungu la padzanja la mayi, anawayang'ana lilime, n'kupita kukaitana dokotala. Anawaika diripi usiku womwewo n'kuwatenga magazi. Ine mumtima ndinali nditagamula kale kuti olakwa ndi mapiritsi atsopano amene anawapatsa, ndipo ndinalakwitsa. Madzi anali atachepa m'thupi ndipo impso zinali zitayamba kuvutika. Mayi anatuluka patatha masiku 6, ndipo mpaka lero amakana kuti sananditchulepo dzina la mng'ono wawo.